Popi wa ku Helmand, ndalama za nkhondo ndi magombe a Mozambique

Nkhani za Afghanistan zikamamveka pa wailesi timangomva za ma Taliban, mabomba ndi atsikana oletsedwa sukulu, koma pansi pa nkhondo yonse ija pakhala pali mbewu ina yake imene anthu ambiri kuno sitinaionepo ndi maso. Ndi popi, duwa lokongola ndithu, lina loyera lina lofiirira, ndipo kwa zaka zambiri mpaka 2022 dziko limodzi lomweli limatulutsa pafupifupi 80 peresenti ya opiyamu yense wa pa dziko lapansi. Kuchokera ku opiyamuyo ndi komwe kumachokera heroini, mankhwala ozunguza bongo amene anthu akubayira ku Moscow, ku London ndi ku Dar es Salaam, komanso amene ali mkati mwa nyaope wa ku Joni.

Tiyambe kaye kumunda chifukwa ndi komwe zinthu zimamveka bwino. Ku Helmand ndi ku Kandahar, kumwera kwa dzikolo, popi amadzalidwa chakumapeto kwa chaka nyengo yozizira ikamayamba, nde pofika April maluwa amayoyoka n'kutsala kachibulumwa kobiriwira pamwamba pa phesi. Masana dzuwa litapendeka aganyu amalowa m'munda atagwira kachipangizo kathabwa kokhala ndi timipeni ting'onoting'ono kunsonga, n'kumatema timizere pa kachibulumwa kalikonse, osazamitsa, kungokanda khungu basi. Pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka, umagona usiku n'kuda, m'mawa mwake amabweranso kudzaupala ndi kachitsulo n'kumauthira m'chitini, utomoni umenewu ndiye opiyamu. Chibulumwa chimodzi amachitema kangapo masiku osiyana. Ntchito yake ndi yamanja yokhayokha, palibe thirakitala imene ingagwire, nde nthawi yokolola anthu amachokera kutali kukasaka ganyu ndipo ambiri salipidwa ndalama, amapatsidwa gawo la utomoni womwewo. Ngakhale nkhondo inkatsatira kalendala imeneyi, mu April zipolopolo zinkachepako chifukwa anyamata ali kumunda, akamaliza kukolola kenako zimayambiranso.

Nanga mlimi amasankhiranji mbewu yoti ingamupalamulitse? Apa mpomwe anthu ambiri amalakwitsa poganiza kuti ndi dyera chabe. Utomoni uja ukauma umasungika zaka osawonongeka, sufuna firiji, sufuna msewu wabwino, makilo angapo ukhoza kuwakwirira pansi pa nyumba, ndipo nkhondo ikafika umawanyamula pothawa. Yesani kuchita zimenezo ndi tomato kapena mavwende pamsewu wokhala ndi ma rodibuloko khumi, aliyense akufuna kangachepe. Chinanso wogula amabwera yekha pakhomo pa njinga yamoto. Ndipo pali ngongole imene kumeneko amaitcha salaam, mlimi amalandira ndalama mbewu isanamere n'komwe, n'kulonjeza kudzabweza opiyamu pa mtengo wotsika kwambiri. Amene munaonapo munthu akugulitsa chimanga chake chidakali chachiwisi m'munda mu February kuti agule ufa wa lero mukudziwa momwe zimathera, chaka chamawa amayambira pa ngongole, ndipo wobwereketsayo salola kuti udzale tirigu chifukwa tirigu sangabweze ndalama yake. Kwa munthu wopanda malo akeake, popi ndi amene amamutsegulira khomo loti apatsidwe munda wobwereka ndi ngongole yodyera.

Kusandutsa opiyamu kukhala heroini sikufuna fakitale yeniyeni. Migolo yachitsulo, nkhuni, madzi otentha, laimu ndi mankhwala ena ochepa, mumpanda wa nyumba yadothi. Chovuta kupeza ndi mankhwala amodzi otchedwa acetic anhydride amene Afghanistan sapanga, amachita kuzembetsedwa kuchokera kunja, kutanthauza kuti malonda awa amayenda mbali ziwiri, zina zikutuluka zina zikulowa, ndipo malire omwewo ndi alonda omwewo amadya kawiri. Makilo ambiri a opiyamu amatsika kukhala kilo imodzi ya ufa, yosavuta kubisa, ndipo mtengo wake umakwera pa malire alionse amene wadutsa moti pofika mumsewu wa ku Ulaya mlimi uja gawo lake limakhala kachidutswa chabe. Paja heroini anayamba ngati mankhwala ovomerezeka, kampani ya Bayer ya ku Germany inayamba kumugulitsa mu 1898 ngati mankhwala a chifuwa. Ndipo azungu a ku Britain anamenya nkhondo ndi China kuyambira 1839 mpaka 1842 pofuna kuti apitirize kugulitsako opiyamu wa ku India, Hong Kong anamutenga pa nkhondo imeneyo. Nde ubale wa mbewu iyi ndi mfuti sunayambe ndi ma Taliban ayi.

Ku Afghanistan zinasokonekera mu 1979 asilikali a Soviet Union atalowa. Midzi inaphulitsidwa, ngalande zothirira zinagumuka, minda ya mphesa ndi zipatso imene imatenga zaka kuti ikule inatheratu, anthu mamiliyoni anathawira ku Pakistan ndi ku Iran. Amene anatsala anafunika mbewu yachangu. Magulu a mujahideen, amene ankamenyana ndi ma Soviet, ankalandira zida ndi ndalama kuchokera ku America ndi Saudi Arabia kudzera kwa akazitape a boma la Pakistan, koma mtsogoleri aliyense ankafunanso thumba lakelake losadalira munthu. Ku Helmand kunali mkulu wina Nasim Akhundzada amene ankachita kulamula alimi kuti adzale popi wochuluka bwanji, ndipo ankamenyana ndi gulu la Gulbuddin Hekmatyar polimbirana njira ndi misika, anthu oti onse amati akumenya nkhondo yopatulika imodzi. Nasim anaphedwa ku Pakistan mu 1990. Chomvetsa chisoni n'choti madzi amene ankathirira popi wa ku Helmand anali ochokera m'ngalande ndi damu la Kajaki zimene anamanga Amereka m'zaka za m'ma 1950 poganiza za tirigu ndi thonje.

Ma Soviet atachoka mu 1989 thandizo lakunja linayamba kuuma, ndiye opiyamu anakhala ndalama yaikulu imene inatsala. Ma Taliban atalanda Kabul mu 1996 sanaletse, ankangotolera msonkho, ndipo mu 1999 dzikolo linakolola matani pafupifupi 4,600. Kenako mu July 2000 mtsogoleri wawo Mullah Omar analamula kuti kulima popi n'kosemphana ndi chipembedzo, ndipo zinathekadi, chaka chotsatira zokolola zinagwa kufika pa matani 185 okha. Koma taonani bwino, analetsa kulima osati kugulitsa. Mtengo unakwera pafupifupi kakhumi, amene anali ndi katundu wosunga analemera usiku umodzi, pamene alimi amene analandira kale salaam anapezeka ali ndi ngongole ya makilo oti sangawapeze, pa mtengo watsopano. Ena anagulitsa minda, ena anakwatitsa ana aakazi aang'ono kwa okongoza. Amereka atabwera n'kugwetsa boma la ma Taliban chakumapeto kwa 2001 alimi ambiri sanawalirire ma Taliban, anangothamangira kumunda kukadzala.

Zaka 20 zotsatira ndi zimene zimandionetsa ine kuti mawu oti heroini ndi ndalama ya zigawenga ndi theka chabe la nkhani. Inde ma Taliban ankatolera msonkho pa minda, pa malabu ndi pa magalimoto odutsa m'madera mwawo. Koma tsidya linalo nalo linali momwemo mpaka m'khosi. Mu 2005 mu ofesi ya bwanamkubwa wa Helmand, Sher Mohammad Akhundzada, mwana wa mchimwene wake wa Nasim uja, munapezeka matani 9 a opiyamu. A Britain anakakamiza kuti achotsedwe asanatumize asilikali awo ku chigawocho, anachotsedwadi, koma Pulezidenti Hamid Karzai anamupatsa mpando ku nyumba ya malamulo, ndipo Sher Mohammad yemweyo anadzanena poyera pambuyo pake kuti anyamata ake pafupifupi 3,000 anawauza kuti apite kwa ma Taliban poti iye analibenso ndalama zowalipira. Nde mukuona, kusunga munthu wotere ndi vuto, kumuchotsa ndi vutonso. Udindo wa mkulu wa polisi m'boma limene mukudutsa msewu wa katunduyu unkagulidwa ndi ndalama zambiri chifukwa aliyense ankadziwa kuti zibwerera. Ndipo ntchito yothyola popi ikabwera, mathirakitala ankalowa m'munda wa munthu wosauka kapena wa fuko lodana ndi bwanamkubwa, munda wa amene wapereka kenakake n'kuudumpha. Mlimi wothyoledwa munda uja, ali ndi ngongole ndi ana, mukuganiza ankapita kwa ndani? Ma Taliban sankavutika n'kukopa anthu, boma linkawakopera lokha.

America inawononga madola pafupifupi 8.6 biliyoni pa nkhondo yolimbana ndi mankhwalawa pakati pa 2002 ndi 2017, ndipo chaka chomwecho cha 2017 ndi chimene popi anachuluka kuposa kale lonse, mahekitala 328,000 ndi matani 9,000 malinga ndi UNODC, nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo. Anayesa kulipira alimi kuti athyole okha, ena anangodzala wambiri kuti adzalipidwenso. Anayesa kuphulitsa malabu ndi ndege zankhondo zodula koopsa, pamene labu yake ndi migolo yoti mawa agulanso ina. Pakadali apo alimi anatulukira masola, n'kumakumba zitsime zakuya m'chipululu momwe kale simunkamera kanthu, mapampu akukoka madzi tsiku lonse popanda dizilo, moti malo ouma aja anasanduka minda ndi midzi yatsopano kumene boma silinkafikako n'komwe. Pofika 2021 malonda a opiyamu ankawerengedwa kuti ndi pakati pa 9 ndi 14 peresenti ya chuma chonse cha dzikolo.

Katundu akachoka ku Afghanistan amatenga njira zitatu zikuluzikulu, ndipo iliyonse yasiya mabala ake. Yakale kwambiri imadutsa ku Iran, Turkey ndi maiko a ku Balkan kulowa Ulaya. Iran imagwira opiyamu wochuluka kuposa dziko lina lililonse, yakumba maenje ndi kumanga zipupa m'malire ake akum'mawa, ndipo boma lake limati apolisi ndi asilikali pafupifupi 4,000 afa pomenyana ndi ozembetsa. Imanyonganso anthu ambiri pa milandu ya mankhwalawa, ndipo pakati pa onyongedwawo pali amphawi ambiri a mtundu wa Baloch a m'malire momwemo, anthu oti kale ndi kale amaona kuti boma la ku Tehran limawasala, nde chingwe chilichonse chikuwonjezera mkwiyo. Njira yachiwiri imakwera kumpoto kuwoloka mtsinje wa Panj kulowa Tajikistan, dziko limene linali pa nkhondo yapachiweniweni kuyambira 1992 mpaka 1997, ndipo akuluakulu ena a magulu omenyana aja mtendere utabwera anangovala yunifolomu n'kupitiriza bizinesi. Mapeto a njira imeneyi ndi Russia kumene kubayirana jakisoni mmodzi kunafalitsa HIV koopsa.

Yachitatu ndi imene ikutikhudza ife a kumwera kuno. Katundu amatsika mpaka ku gombe la Makran, m'malire a Pakistan ndi Iran, n'kupakiridwa m'zombo zamatabwa zotchedwa dhow, zooneka ngati za asodzi wamba, n'kuwoloka nyanja ya Indian. Mu April 2014 sitima yankhondo ya Australia, HMAS Darwin, inagwira makilo 1,032 m'chombo chimodzi kufupi ndi gombe la Kenya, atabisidwa pakati pa matumba a simenti. Chaka chomwecho Uhuru Kenyatta, amene anali pulezidenti wa Kenya, anachita kukaonerera yekha chombo china chogwidwa ndi heroini chikuphulitsidwa panyanja kufupi ndi Mombasa. Koma taonani nkhani ya ana a Akasha, Baktash ndi Ibrahim, ozembetsa heroini a ku Mombasa komweko. Mlandu wowatumiza ku America unangozungulira m'makhoti a Kenya kwa zaka, mpaka mu 2017 anangowanyamula kupita nawo ku New York, kumene anavomera milandu kuphatikizapo yopereka ziphuphu kwa akuluakulu kuti asatumizidwe. Baktash anagamulidwa zaka 25.

Kenya ndi Tanzania atayamba kukhwimitsako, zombo zinatsikira ku Mozambique. Dhow siifika pagombe, imaima kutali panyanja usiku, timabwato ta asodzi timapita kukatenga mapaketi, n'kukawatula pamchenga penapake ku Cabo Delgado kapena Nampula, kenako amalowa m'magalimoto ulendo wa ku Maputo ndi Johannesburg, kumene ena amabisidwa m'makontena a zipatso kapena vinyo kupita ku Ulaya, poti kontena yochokera ku South Africa sikayikiridwa ngati yochokera ku Karachi ku Pakistan. Dalaivala nthawi zambiri sadziwa n'komwe bwana wake, amangolandira meseji pa WhatsApp kuti katenge pakuti kasiye pakuti, ndi envulopu ya ndalama zogawa m'ma rodibuloko. Wofufuza Joseph Hanlon analemba mu 2018 kuti matani mwina 40 amadutsa m'dzikolo pachaka, moti heroini akhoza kukhala katundu wachiwiri wotuluka m'dzikolo pambuyo pa malasha. Ndipo kale mu 2010 boma la America linatchula wamalonda wamkulu wa ku Maputo, Mohamed Bachir Suleman, kuti ndi mmodzi wa akuluakulu ozembetsa mankhwala, iye anakana, ndipo kwawoko sanaimbidwe mlandu umenewo.

Zigawenga zitayamba kuukira ku Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado, pa 5 October 2017, anthu ambiri anathamangira kunena kuti basi ndi ndalama za heroini. Koma ofufuza amene anatsata bwino, monga a Global Initiative Against Transnational Organized Crime, anapeza kuti umboni woti zigawengazo zikudyapo kwambiri ndi wochepa. Chimene chinachitika n'choti ozembetsa anathawa nkhondoyo n'kumakatsitsira katundu cha kumwera, ku magombe a Nampula ndi Zambezia. Wabizinesi safuna chipwirikiti, amafuna wapolisi wodziwika mtengo wake. Ubale weniweni uli pena, kwa zaka zambiri achinyamata a ku Cabo Delgado ankaona matabwa, minyanga, miyala ya rubi ya ku Montepuez ndi ufawu zikudutsa pakhomo pawo, mabwana akulemera, apolisi akumenya okumba miyala ang'onoang'ono koma malole akuluakulu akuwapatsa sawatcha. Boma likafika poti aliyense akudziwa kuti limagulidwa, munthu wobwera ndi mfuti ndi ulaliki woti tithetse zonsezi amapeza omumvera. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe heroini amaphera dziko, osati pogulira zigawenga zipolopolo kwenikweni koma pogula wa kasitomu, woweruza ndi chipani.

Ndipo palibe dziko limene limangokhala njira chabe. Onyamula ena amalipidwa ndi katundu yemweyo, nde amayenera kupeza omugula pafupi. Ku Tanzania vuto linakula mpaka mu 2011 anatsegula kiliniki ya methadone, mankhwala othandiza munthu kusiya heroini, pa chipatala cha Muhimbili. Ku South Africa ufa wotsika uja amausakaniza ndi chamba n'kukhala nyaope, ku Durban amati whoonga, ndipo abale athu amene ali ku Joni akudziwa anyamata aja oima m'marobotsi maso ali gwa, ogulitsa chilichonse chachitsulo chimene angazule. Msika umenewu tsopano ndi waukulu paokha, ndipo magulu a zigawenga za m'matauni amaphana polimbirana makona ogulitsira.

Tsono ma Taliban atabwereranso mu August 2021, mtsogoleri wawo Haibatullah Akhundzada, amene si wa banja la aja a ku Helmand ngakhale dzina likufanana, analetsanso popi mu April 2022. Zimene Amereka analephera ndi mabiliyoni iwo anazichita ndi ndodo ndi mantha, mahekitala anatsika kuchoka pa 233,000 mu 2022 kufika pa 10,800 mu 2023, matani kuchoka pa 6,200 kufika pa 333. Ndalama zimene alimi ankapeza zinagwa kuchoka pa madola 1.36 biliyoni kufika pa 110 miliyoni, m'dziko loti kale anthu mamiliyoni akudalira chakudya chothandizidwa. Ndipo zachitikanso ngati za 2000 zija, mtengo unakwera kangapo, eni minda ikuluikulu a kumwera amene anali ndi makilo osunga apindula zedi, ambiri mwa iwo ndi a madera amene ma Taliban amachokera, pamene waganyu ndi wobwereka munda watsala manja lende. Ku Badakhshan, kumpoto chakum'mawa kumene minda ndi ing'onoing'ono ya m'mapiri ndipo anthu ake ambiri si a mtundu wa Pashtun umene ma Taliban ambiri amachokera, alimi anapitiriza kudzala, ndipo mu May 2024 asilikali atabwera kudzathyola kunabuka zionetsero anthu n'kufa. Nde chiletso chomwecho chikukumbanso mabala a mitundu.

Afghanistan atangotsika, Myanmar inakhala nambala wani mu 2023 ndi matani 1,080, osati chifukwa inamupitirira mwamphamvu koma mnzakeyo ndi amene anagwa. Komabe nkhani yake ndi yofanana mochititsa mantha. Kumapiri a chigawo cha Shan popi anakula ndi asilikali a Kuomintang, chipani chimene chinagonja kwa achikomyunizimu, amene anathawa ku China cha mu 1950, kenako kunabwera Khun Sa ndi gulu lake lankhondo mpaka anadzipereka ku boma mu 1996 n'kukakhala mwamtendere ku Yangon osaimbidwa mlandu. Asilikali a boma la Myanmar akhala akulola magulu ena kuchita bizinesiyi bola aziwathandiza kumenya magulu ena. Ulimiwu unali ukutsika kwa zaka zingapo, koma asilikali atalanda boma mu February 2021 ndalama ya dzikolo inagwa, ntchito zinatha, nkhondo inafalikira, anthu anabwerera ku popi.

Anthu ankayembekeza kuti heroini asowa m'misewu pofika 2024 koma katundu wosungidwa uja anapitiriza kuyenda, ndipo zithunzi za setilaiti zaonetsa minda yatsopano ikutseguka tsidya la Pakistan ku Balochistan, kumene alimi ena a ku Afghanistan asamukira ndi luso lawo la masola lija, chigawo choti nachonso chili kale ndi zigawenga zake zolimbana ndi boma. Ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya kwayamba kupezeka mankhwala opangidwa mu labu otchedwa nitazene, amphamvu kuposa heroini kutalitali, akusakanizidwa mu ufa wa mumsewu ndipo apha kale anthu ambiri. Ku Afghanistan komweko ena anatembenukira ku meth, mtundu wina wa mankhwala ozunguza bongo, amene ankamupanga kuchokera ku chitsamba cha m'mapiri chotchedwa ephedra, ndipo madhow amene akugwidwa pa nyanja ya Indian zaka zino kawirikawiri akumapezeka atanyamula zonse ziwiri, heroini ndi meth, kulowera magombe omwe aja a Nampula.